ZA KUZOLOWERA KAMERA YOYESA MTUNDA

Masiku ano midzi yambiri ili ndi mafoni ojambula, ndipo ngakhale mwana angathe kutola chithunzi wosaphunzitsidwa, pakuti foniyo idzisankhira yokha chimene chiyenera kuoneka bwino. Koma ulipo mtundu wina wa kamera umene suchita tero, ndipo ndiwo takhala tikuuzolowera ife miyezi ino. Azungu autcha rangefinder, ndiko kunena choyesa mtunda.

Mtundu umenewu unakulira ku Germany, mumzinda wa Wetzlar, kumene Oskar Barnack anapanga kamera yaing'ono yotchedwa Leica, imene inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1925. Mu 1932 anaikamo choyesera mtunda chogwirizana ndi galasi lake, ndipo mu 1954 inatuluka Leica M3 yotchuka ija. Zonsezi zinali za filimu. Yoyamba ya digito inachokera ku Japan mu 2004, dzina lake Epson R-D1. Pambuyo pake inadza Leica M8 mu 2006, ndi M9 mu 2009. Filimu inachoka, ndipo m'malo mwake munalowa kachipangizo kolandira kuwala ndi kadi yosunga zithunzi. Koma kayesedwe ka mtunda kanatsala konga kale.

Kayesedwe kake nkotere. Imikani chala patsogolo pa nkhope yanu, tsinzinani diso limodzi, kenaka linzake: muona chala chikudumpha uku ndi uku, ndipo mukachitalikitsa kudumphako kuchepa. Kameranso ili ndi timazenera tiwiri tonga maso awiri. Tikasuzumira, tiona pakati kabanga kowala, ndipo m'menemo chinthu chimodzi chioneka pawiri. Tsono tizunguza mphete ya galasi ndi chala kufikira ziwirizo zitasanduka chimodzi, ndipo pamenepo mtunda wapezeka. Tikatola zisanakumane, nkhope ituluka ya chimbuuzi.

Chala chinafuna masabata ambiri kuti chidziwe kozungulira popanda kufunsa mutu. Taphunzira kufuna pokhala mzere woonekera, monga chikope, kolala ya malaya kapena mphuthu ya chitseko, pakuti pa tsaya losalala kapena pa khoma loyera palibe chokumanitsa.

Chachiwiri, diso lathu silipenya kudzera m'galasi lojambulira, koma pa kazenera ka pambali. M'menemo muli timizere towala tosonyeza malire a chithunzi, ndipo kunja kwa timizereto dziko lionekabe. Kotero tiona mbuzi kapena mwana asanalowe, ndipo tiyembekeza. Komanso chivindikiro chikatsala pa galasi, kazenerako sikatiuza kanthu. Ndipo chinthu choyandikira koposa masentimita 70 choyesera sichitha kuchiyesa.

Chachitatu ndi ana, amene sakhala phee. Kuwathamangitsa ndi mphete nkutaya nthawi. Tiika mtunda pa mamita atatu iwo asanafike, tichepetsa khomo la kuwala kufika pa 8 kuti zapafupi ndi zapatali pang'ono zioneke pamodzi, ndipo tidikira. Anati akuluakulu, kuona maso a nkhono nkudekha.

Chiyeso chachikulu chili kumbuyo kwa kamera, kumene chithunzi chioneka pomwepo. Munthu akaweramira pamenepo, gogo aseka, mdzukulu awakwera pamsana, ndipo zonsezo zipita iye ali choweramira. Nchifukwa chake mu 2016 Leica anapanga M-D, kamera ya digito yopanda poonera kumbuyo. Ife tinangopangana kuti tisayang'anepo mpaka madzulo.

Nanga kuvutika konseku nkwanji? Banja likasonkhana pakhonde, ena ali pafupi, ena ali patali, ndipo kuwala kukachepa galasi silingathe kuonetsa onse mofanana. Wina ayenera kusankha. Makina odzisankhira okha kawirikawiri agwira nkhope yapafupi, ndipo yapafupiyo ndi ya mnyamata wodziika patsogolo, pamene nkhalamba yakhala kumbuyo pamphasa mwa ulemu wake. Kamera iyi siisankha. Itifunsa ife kuti, kodi mukufuna kusunga yani? Mnyamata adzajambulidwa kambiri. Nkhalamba ikatisiya siidzakhalanso pamphasapo, ndipo adzukulu osabadwa adzaidziwa ndi chithunzi chomwecho, chooneka kapena cha chimbuuzi.

Sitikunena kuti mugulitse ng'ombe, abale, pakuti mtengo wa kamera zotere ngwaukulu ndithu. Koma mwambo wake mungathe kuutsata ndi foni imene muli nayo. Yambani mwapempha kwa akuluwo, akonze mpango kapena chipewa monga afunira. Akhazikeni pamthunzi powala, osati dzuwa lili kumbuyo kwao. Khudzani nkhope yao pa galasi la foni ndi chala, kuti makina adziwe amene mwasankha, ndipo mudekhe. Chithunzi chikakoma, kachitsukitseni papepala, mulembe kumbuyo dzina, mudzi ndi chaka, pakuti foni itayika, koma pepala losungidwa m'bokosi lifika kwa zidzukulu.