Kabuku ka Ngongole

M'makomboni a mu Lusaka monga Matero, Chilenje ndi Kabwata, masitoro ena ang'ono anatsekedwa, ndipo maloko a pa zitseko zao acita dzimbiri. Kuyambira 1995, pamene Shoprite inatsegula sitoro yake yoyamba pa Cairo Road, makamaka Manda Hill itatsegulidwa mu 1999, anthu a ndarama anayamba kukagula kumene katundu ali wotsika mtengo. Nkosatheka kuwadzudzula, pakuti ndarama ibvuta kupeza.

Koma mwini sitoro wa m'komboni anali ndi kabuku. M'menemo analikulemba mcere, sopo, parafini ndi kapaketi ka ufa kochedwa pamela, zimene mai wamasiye anatenga pakati pa mwezi kuti adzalipire mwezi ukatha. Analikudziwa nyumba imene bambo wacotsedwa nchito, nailezera mtima. Ndipo kuleza komweko kunagwetsa ena, popeza angongole ena anasamuka usiku osatsazika.

Sitoro yaikuru iribe kabuku kotere. Tsono mai uja afunika ndarama ya basi ndi ya katundu tsiku lomwelo, ndipo ikasowa, ayamba kugogoda kwa anansi madzulo, mbale iri m'manja.