Dzenje la Septiki ndi Chitsime cha ku Dimba

Ambiri a ife amene timagwira ntchito ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London timalakalaka kumangira makolo nyumba ya chimbudzi cha madzi m'kati, kuti okalamba asamatuluke usiku ndi tochi m'manja. Cholingacho n'chabwino. Koma zithunzi zimene amisiri amatitumizira pa WhatsApp zimaonetsa matailosi ndi mipope, pomwe nkhani yaikulu ili pansi pa nthaka.

Septiki sipha majeremusi onse. M'thanki muja zolemera zimakhazikika pansi n'kumaola pang'onopang'ono, ndipo madzi otsalawo amapita m'dzenje lachiwiri lodzaza miyala, kenako n'kulowa m'nthaka. Chimene chimasefa madziwo ndi dothi losanyowa limene lili pakati pa dzenjelo ndi madzi a pansi. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati dzenje lotere litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndiponso pansi pake pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa pamene madzi amafika dzinja likakhwima. Pa mchenga, madzi oipa amathamanga asanasefeke. Pa makande salowa n'komwe, amangosefukira pamtunda.

Kwathu ku Mchinji, munda wa mayi anga umatsetserekera kudambo. Kumunsi kuli dimba ndi chitsime chimene mabanja asanu ndi limodzi amathirira tomato ndi repu, ndipo ana amamwa pomwepo. Tikumanga, amisiri anafuna kukumba kuseri kwa nyumba, cha kudambo, poti paipi ikanakhala yaifupi. Munali mu Okutobala, nthaka ili gwa. Amalume, amene akumba zitsime moyo wawo wonse, anakana.

"Mphwanga," anatero pa foni, "nthaka ya m'chilimwe siinena zoona. Ukuiona mitengo ya katope ija? Katope samera pouma. Tikumbe kadzenje, tidikire Febuluwale."

Tinakumba kadzenje ka mamita awiri n'kukavundikira ndi malata. Pofika Febuluwale, madzi anali atakwera mpaka munthu ankawakhudza ndi dzanja atagwada. Dzenje la miyala likanakhala pamenepo, zonyansa za m'nyumba mwathu zikanalowa m'madzi omwewo amene amatulukira m'chitsime cha anansi.

Kudikirako kunali kowawa. Mayi anatha dzinja lina akuyenda m'matope usiku ndi mawondo awo opweteka, ndipo anandifunsa kangapo ngati ndalama zinali zitatha. Septiki tinaisunthira mbali ina ya nyumba, pa katondo, kumene nthaka imapendekera kutali ndi dambo. Mapaipi ndi simenti zinawonjezeka, koma mtengo wake sungafanane ndi wa mwana wa mnansi atagonekedwa m'chipatala, kapena wa chibale chosweka chifukwa cha chitsime.

Takumbukirani kolera imene inabuka m'Malawi mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana ndi Gombe, n'kupha anthu oposa 1,700. Anzathu a ku Lusaka akukumbukiranso ya 2017 ndi 2018, imene inasautsa kwambiri ku Kanyama, kumene zimbudzi zokumba ndi zitsime zosazama zimayandikana pa miyala ya laimu ya ming'alu. Kumudzi malo ndi otakasuka, koma madzi a pansi sadziwa malire a munda.

Mawu akuti dambo analowa ngakhale m'mabuku a Chingerezi a akatswiri a nthaka, umboni woti makolo athu ankalidziwa bwino dziko lawo. Tisanatumize ndalama za simenti, tiyambe tafunsa okumba zitsime ndi amayi olima dimba kuti madzi amafika pati mvula ikachuluka.

Nanga inu a ku Chipata ndi ku Angónia, ndi mitengo iti kapena udzu uti umene kwanuko umakuuzani kuti madzi ali pafupi?