Achemwali, sikipa ija musaiwotche

Okondedwa Achemwali,

Ndamva zoti sikipa yakuda imene mwana wathu anabwera nayo kuchokera ku Joni mwaibisa kunsi kwa matiresi, mukudikira amayi a mvano kuti mudzaiwotchere limodzi. Tadikirani kaye. Loweruka ndinamuitana monga malume wake, tinakhala pabenchi pafupi ndi mzere wa mathiraki opita ku Zobue tikusenda manachesi, iye n'kundipatsa foni kuti nyimbo yokhudzana ndi sikipayo ndidzimvere ndekha.

Kunena zoona, poyamba ndinachita kuzula zam'khutu. Imayamba ndi chiphokoso ngati macheka a injini, kenako ng'oma n'kuliyatsa liwiro ngati chigayo chimene chatha chimanga. Woimbayo saimba ayi, amachita kukhosomola mawu ngati wameza utsi wa dizilo. Ife amene tinakulira Alleluya Band khutu limakana. Koma poibwereza kachitatu ndinangoona phazi langa likugunda pansi, mwanayo n'kumandiseka.

Nyimboyi dzina lake ndi "Black Metal", ya gulu la Venom, anyamata atatu a ku Newcastle ku England. Anadzipatsa maina oopsa, Cronos, Mantas ndi Abaddon, koma Cronos kwawo ndi Conrad Lant basi. Inatuluka mu 1982 m'chimbale cha dzina lomwelo, ndipo mtundu wonse wa nyimbo zoterezi unatengera dzina pamenepo. Mawu ake ambiri ndi matama, akuti phokoso lathu palibe angalipose. Satana amatchulidwamo, sindikana, ndipo chinkhope chanyanga chili pasikipapo ndi cha pachikuto cha chimbalecho. Eni akewo ananena okha kuti zinali zongoopsezera anthu, ngati filimu ya mizukwa.

Sindikubisirani kuti ena anazitenga ngati zenizeni. Ku Norway, mu 1992, tchalitchi chakale chamatabwa cha Fantoft ku Bergen chinatenthedwa, ndipo mu 1993 Varg Vikernes anapha woimba mnzake Euronymous wa gulu la Mayhem, gulu limene dzina lake linachoka ku nyimbo ina ya Venom. Nditamufunsa mwanayu, anati, "Amenewo mitu sinkayenda bwino, malume." Anandionetsanso gulu la Overthrust la ku Ghanzi ku Botswana, anthu akuda ngati ife, ovala zikopa zakuda, amene chikondwerero chawo chimasonkhetsa thandizo la ana ovutika.

Chikundisowetsa tulo ine si gitala, Achemwali, koma mawu akuti "wasataniki" akatuluka m'kamwa mwa mayi wake weniweni. Mukukumbukira 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe, mmene anthu anaphedwera popanda wowafunsa mbali yawo. Pano paboda mphekesera imawoloka yopanda pasipoti. Anyamata a kabaza ayamba kale kunong'onezana kuti njinga yamoto ya mwanayu ndalama zake anazitenga kuti, pamene inu ndi ine tikudziwa kuti zaka zitatu wakhala akutsuka magalimoto a eni, manja mpaka kusweka.

Ndamuuza kuti kumsika azivala zina, ndipo wavomera, ngakhale monyinyirika. Ndibwera Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Sikipayo mundisungire, ndidzanyamula ndekha, ndipo amayi a mvanowo musawauze kanthu mpaka tikhale pansi atatufe. Mudzaphikeko nkhwani wotendera.

Ndine mchimwene wanu,
wa ku boda