Za TV ya intaneti, pasiwedi ndi ana a kwa aneba

 Papita nthawi ndithu ndisanalembe, mukudziwa nokha mmene ntchito imachulukira mayeso a MANEB akamayandikira. Lero ndati ndiyankhe funso limene anzanga angapo akhala akundifunsa nthawi ya tiyi kusukulu: kodi TV zamakonozi, zimene akuti smart TV, munthu amazilumikiza bwanji ku intaneti ya pakhomo? Nanga mphunzitsi wodalira malipiro a pamwezi ngati ife angazikwanitse?

Inu a msinkhu wanga mukukumbukira kuti dziko lathu linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka mu 1999 pamene TVM inayamba kuulutsa. Masiku amenewo eriyo timaimangirira pa nsungwi yaitali, mwana wina kunja akuzungulitsa, wina mkati akukuwa kuti "Bwezera pang'ono! Basi pomwepo!" Kenako kunabwera madishi, madikoda, mpaka Kiliye Kiliye. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 1999 ndi chimenenso dzina loti Wi-Fi linayamba kugwiritsidwa ntchito kunjaku. Ife tikulimbana ndi nsungwi, anzathu anali atayamba kale kuchotsa mawaya m'nyumba.

TV imene ili kwathu sindinagule ndine. Ananditumizira ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Physics zaka zapitazo, pano akugwira ntchito ku Johannesburg. Dzina lake sinditchula, iye mwini sangakonde. Inabwera pa basi, yokutidwa ndi mabulangete awiri, ndipo tinakailandira pa boma. Pa foni anangoti, "Aphunzitsi, imeneyo musaimangire nsungwi ayi, imadya intaneti." Mawu akuti imadya aja ndinawamvetsa bwino pambuyo pake.

Tsono tiyambe ndi kalumikizidwe kake, chifukwa ndi zimene ambiri mukufuna.

Choyamba ndi magetsi. Katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi pulagi ya mano obulungira, pamene masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Musakanikize pulagi ndi kamtengo ngati mmene ena amachitira, gulani adaputa yabwino. Gulaninso kachipangizo kaja koteteza TV magetsi akabwera ndi mphamvu yochuluka. Magetsi akathima n'kuyakanso mwadzidzidzi, TV zimenezi sizichedwa kupsa, ndipo kuzikonza n'kodula kuposa zamigongo zija.

Chachiwiri, muzindikire kuti TV payokha ilibe intaneti. Imafuna china choti chiipatse. Kuno kwathu njira zofala ndi ziwiri: foni yanu mutatsegula hotspot, kapena rauta yolowa simu khadi ya TNM kapena Airtel. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, koma mtengo wa zipangizo zake ndi wa pamwezi si wa munthu wa choko ngati ine. Foni imathandiza poyesera chabe, chifukwa imatentha, batire imatha msanga, ndipo mukachoka nayo pakhomo TV imangoti duu. Ine ndinasankha rauta yaing'ono.

Chachitatu, tengani rimoti mulowe pa Settings, kenako Network, musankhe Wireless kapena Wi-Fi. TV idzaonetsa maina a manetiweki amene ikuwaona pafupi. Sankhani dzina la rauta yanu. Dzinalo pamodzi ndi pasiwedi nthawi zambiri zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa rauta kapena mkati mokhala batire. Lembani pasiwediyo mofatsa, chilembo chimodzichimodzi, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono kwa makinawa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Yang'anitsitsaninso ziro ndi chilembo cha O, komanso 1 ndi l wamng'ono. Anthu ambiri amakanika pamenepa n'kumati TV ndi yowonongeka.

Chachinayi ndi chimene ambiri sachiganizira: tsiku ndi nthawi. TV ikakhala ndi deti yolakwika, imatha kuonetsa kuti yalumikizika bwinobwino koma YouTube n'kumakana kutseguka, chifukwa makompyuta a kumeneko amatsimikizira chitetezo pogwiritsa ntchito deti. Ikani kuti izitenga nthawi yokha kuchokera pa intaneti. Ngati pa mndandanda wa mizinda palibe Blantyre, sankhani Harare kapena Johannesburg, nthawi yathu ndi imodzimodzi.

Apa tsopano mundilole ndivale chipewa changa cha Physics. Inu a Folomu 4 akale, mukukumbukira v = fλ? Ena a inu munkandifunsa kuti zimenezi mudzazigwiritsa ntchito kuti. Yankho lake ndi ili! Wi-Fi ndi mafunde a wailesi basi, ndipo amayenda pa liwiro la kuwala, mamita 300,000,000 pa sekondi. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz, ena amaonjezera 5 GHz. Gawani nokha: pa 2.4 GHz funde limodzi ndi lotalika masentimita 12.5, pamene pa 5 GHz ndi masentimita 6. Ya 5 GHz imanyamula zambiri mofulumira koma imafooka msanga ikakumana ndi khoma la njerwa zootcha. Ya 2.4 GHz imafika patali. TV zina zotchipa siziona n'komwe 5 GHz, choncho dzina la rauta yanu likapanda kuoneka, yambani mwaona ngati 2.4 GHz ndi yotsegula.

Chitsulo chimabweza mafundewa. N'chifukwa chake rauta simuibisa kuseri kwa firiji kapena mkati mwa kabati ya galasi loonera nkhope. Koma pali vuto lina: rauta ya simu khadi ili ndi ntchito ziwiri, kulandira kuchokera ku nsanja ya netiweki ndi kutumiza ku TV. Ntcheu ndi dera la mapiri, ndipo pamene netiweki ikugwira bwino si nthawi zonse pamene pali TV. Kwathu malo abwino anapezeka pa windo la kuchipinda chodyera, pamwamba pa katoni ya mabuku. Tinachita kuyenda nayo rauta chipinda ndi chipinda ngati tikufufuza madzi a chitsime.

Anzanga a ku Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano, inu muli ndi nkhani yanuyanu. Paja msewu wa M1 kumeneko umayenda m'malire enieni, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique. Simu khadi imatha kudumphira pa netiweki ya tsidya linalo osakuuzani, ndipo zikatero bandulo yanu siigwira ntchito. Lowani mu Settings ya rauta kapena ya foni musankhe nokha netiweki yanu, musaisiyire kusankha yokha.

Kulumikiza konseku kunatitengera madzulo amodzi. Nkhani yaikulu inayamba pambuyo pake.

TV imeneyi imadyadi. Kampani ya Netflix imanena yokha kuti chithunzi chooneka bwino kwambiri cha HD chimatha kudya mpaka 3 GB pa ola limodzi, ndipo cha 4K mpaka 7 GB. Tangoganizani, bandulo imene pa WhatsApp ikanakufikitsani kumapeto a mwezi, pa TV itha kuthera pa mpira umodzi! Ndipo TV ikaona kuti netiweki ili bwino imasankha yokha chithunzi chapamwamba, siidziwa kuti mwini wake ndi mphunzitsi. Choncho chitani zinthu zitatu izi tsiku loyamba lomwelo. Pa YouTube tsitsani chithunzi chifike pa 480p kapena 360p, chimaonekabe ndithu. Thimitsani Autoplay kuti kanema wina asamayambe yekha wina akatha. Thimitsaninso zoti TV izidzitengera yokha mapulogalamu atsopano, muzichita nokha pamene muli ndi bandulo yotchipa. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, palibe mphunzitsi amene ali ndi ndalama yotaya.

Ngakhale tinachita zonsezi, mwezi wachiwiri bandulo inatha pa masiku 9. Titayang'ana pa mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa ku rauta, tinapeza mafoni 11. Pakhomo pathu mafoni alipo atatu. Zinadziwika kuti mwana wathu wotsiriza, wa Sitandade 6, anawerenga kapepala ka kunsi kwa rauta n'kuuza mnzake mmodzi, mnzakeyo n'kuuza mkulu wake, basi nkhani n'kufalikira mzere wonse wa nyumba. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chimene anyamata ankakonda kukhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa windo lija dzuwa likamalowa.

Kusintha pasiwedi n'kosavuta. Mumalowa mu rauta kudzera pa foni, n'kulemba yatsopano ya zilembo zosachepera 8, yosakhala dzina la mwana wanu kapena chaka chimene munabadwa, kenako n'kuilembanso pa TV. Chovuta chinali china. Mayi akunyumba anandifunsa funso limene linandisowetsa tulo: "Bambo, mchere timapatsana, moto timapalana, nanga ichi tikaniza bwanji?" Ananena zoona. Ife tinakulira m'mudzi momwe nyumba imodzi ikakhala ndi wailesi, mudzi wonse unkamvera mpira pakhonde pomwepo. Wailesi imodzi ikamvedwa ndi anthu 30, mabatire ake amatha chimodzimodzi ngati akumvera munthu mmodzi. Koma intaneti si choncho. Aliyense wolowapo amatapa zake, ngati kutapa chimanga m'nkhokwe. Mwambo wathu wogawana unakumana ndi chinthu chimene chimatha ukachigawa.

Ndipo ena mwa anyamata a pansi pa mango aja ndi ophunzira anga enieni. Mmodzi, wa Folomu 4, anabwera yekha kudzapepesa. Anati, "Aphunzitsi, ine sindimaonera mpira ayi, ndimaonera za titration." Anandionetsa pa foni yake yosweka galasi, ndipo zinalidi choncho. Sukulu zambiri za CDSS zilibe labu yokwanira, mukudziwa nonse. Timajambula burette pa bolodi ndi choko, mwana n'kukaigwira koyamba mayeso atatsala pang'ono. Tinaonanso mu March 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19, kuti maphunziro a pa intaneti anafikira ana a m'nyumba zimene zinali kale ndi magetsi ndi mafoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'dziko muno ndi zimene zinkaunikira magetsi. Ndiye mwana wafunafuna yekha njira yophunzirira, ine mphunzitsi wake ndimutsekere chitseko?

Pasiwedi ndinasintha, ndipo sindinaipereke kwa wina aliyense. Koma chitseko cha pabalaza ndinachitsegula. Nditakambirana ndi a hedi komanso makolo, tinagwirizana kuti Loweruka lililonse kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, a Folomu 4 okhala pafupi azibwera ndi makope awo, anyamata ndi atsikana, mayi akunyumba ali pomwepo. Timaonera zoyeserera za sayansi, ndimaimitsa kanema, ndimafunsa mafunso, ndimamasulira m'Chichewa pamene Chingerezi cha wolankhulayo chathamanga. Ana 20 akamaonera TV imodzi, bandulo imadyedwa ngati akuonera munthu mmodzi. Mwanjira imeneyi TV ija yabwerera kukhala ngati wailesi ya pakhonde ija.

Pali chinanso chimene ndikufuna anzanga muchidziwe, chifukwa chimapulumutsa ndalama. Netiweki ya pakhomo ndi intaneti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Foni ndi TV zikalumikizidwa ku rauta imodzi zimatha kulankhulana ngakhale bandulo itatha. Kanema amene ali kale mu foni mutha kumuonetsa pa TV kudzera pa Screen Mirroring kapena Cast osadya data. Ngati zimenezo zikuvuta, flash ndi yokwanira, TV zimenezi zili ndi polowetsa USB kumbuyo. Pali zinthu zaulere zimene eni ake amalola kutsitsa, monga zoyeserera za PhET za ku University of Colorado Boulder, zimene mumatha kulumikiza mawaya a magetsi kapena kusintha kutalika kwa pendulum pa sikirini. Tsitsani kamodzi pamene mwapeza intaneti yotchipa, muzigwiritsa ntchito chaka ndi chaka, n'kugawirako mnzanu wa sukulu ina.

Sindikunena kuti TV ingalowe m'malo mwa labu. Mwana ayenera kugwira yekha, kutaya madzi, kulakwitsa muyeso n'kubwerezanso. Sindikunenanso kuti ndi udindo wa mphunzitsi kugula bandulo ndi malipiro ake kuti ana a boma aphunzire. Nkhani imeneyo tiyenera kupitiriza kuinena m'misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi, ndi kwa akuluakulu a zamaphunziro. Koma podikira zimenezo, mayeso sadikira.

Kwa inu ana anga akale amene Mulungu wakudalitsani kunjako, ndili ndi pempho limodzi. Mukafuna kutumiza TV yotereyi kwa makolo anu kapena kusukulu yanu yakale, ganizirani zonse: adaputa, choteteza magetsi, rauta, komanso amene azigula bandulo mwezi ndi mwezi. Mbuzi ya mphatso imabwera ndi chingwe chake. Kupanda kutero idzangokhala galasi lalikulu lakuda pakhoma, lofundika nsalu yoluka.

Anzanga a ku Bilira, Kasinje, Senzani ndi Gowa, ngati mwayesa njira ina yotchipa kuposa iyi, tidzauzane tikakumana kochonga mayeso. Ndipo amene mwagawa 300,000,000 ndi 2,400,000,000 n'kupeza china chosakhala 0.125, mubwere Loweruka ndi kope lanu.