Mwana wanga anabadwa osalira

Kwathu ndi ku Madzimoyo, kufupi ndi mishoni ya Reformed Church, m'mbali mwa msewu wa Great East. Matenda anandiyamba usiku wa mvula, galimoto n'kusowa, moti tinafika kukiliniki kunja kutayera kale. Ndinachira movutikira. Mwana anatuluka ali lobodo, milomo yakuda, osalira. Azamba anamupukuta mwamphamvu, anamuvundikira kachikho ka pulasitiki pamphuno ndi pakamwa, nayamba kufinya kathumba kopopera mpweya. Ine ndinkangoyang'ana manja awo. Mwana atayamba kupuma yekha, azamba anatitumiza ku chipatala chachikulu ku Chipata.

Kumeneko kadzanja kake kanayamba kugwedezeka kokha, milomo ikutafuna popanda bere. Anesi anati uku n'kukomoka kwa makanda amene ubongo wawo wasowa okosijeni pobadwa, ndipo anam'patsa phenobarbitone. Chimene chinatilimbitsa mtima chinali kapumidwe kake. Kachifuwa kankachita kudumpha. Apongozi ataona anati, "Amake mwana, pukutani misozi. Uyu ndi mwamuna, onani mphamvu zake!"

Adokotala ena achitsikana anapukusa mutu. "Agogo, kupuma kumeneku sikukutisangalatsa ife." Anatikhazika pansi n'kutifotokozera. Mwana akabanika m'mimba, magazi ake amadzaza asidi, ndiye thupi limapuma mothamanga kuti lichotse carbon dioxide, mpweya umene timatulutsa uja. Ukatuluka wambiri, mitsempha ya magazi ya mu ubongo imafinyika, magazi n'kumafika ochepa pamalo pomwe pavulala kale. Ndi maso sungaone, zimadziwika poyeza timagazi tochepa pa makina. N'chifukwa chakenso wopopa kathumba kaja sayenera kupupuluma.

Anatiuzanso kuti ku Budapest, m'dziko la Hungary, madokotala a Semmelweis University anayesapo kupumitsa makanda otere mpweya wosakaniza ndi carbon dioxide wokwana 5 peresenti kuti mpweya wa carbon dioxide usatsike kwambiri m'magazi, uku akuwaziziritsa thupi dala. Anati kumeneko kunali kufufuza chabe, pa ana ochepa. Apongozi anagwira pakamwa: "Kum'patsa mwana mpweya wotaya? Azungu awa!" Ine ndinaseka koyamba chichirireni.

Wanga anathandizidwa ndi timachubu ta okosijeni m'mphuno, diripi, ndi mkaka wanga umene ndinkafinyira m'kapu n'kumudutsira pa kapaipi. Kupuma kunadekha pang'onopang'ono. Tsiku limene anagwira bere, ululu wake ndinaulandira ndi manja awiri.

Kumudzi ena ankanong'ona kuti ndinadya zosayenera ndili ndi pakati, ena ankaloza bambo ake. Sindiwayankha. Mwanayo anachedwa kukhala pansi, ndipo dzanja lamanzere limakonda kufumbata. Mwezi ndi mwezi ndimakwera naye minibasi kupita ku Chipata kukamuwongola ziwalo. A fiziyo anandiphunzitsa kumuikira chitsononkho kumanzere kuti azichitola ndi dzanja lomwelo, koma iye amazembetsa lamanja ndikangoyang'ana kumbali.