Makutu akamalira pa chigayo

Woyendetsa chigayo amene makutu ake ayamba kulira usiku osaleka nthawi zambiri amangouzidwa kuti azolowera. Kuzolowerako n'kumene kumamaliza makutu. Mkati mwa khutu muli timaselo tosaoneka ndi maso tomwe timalandira mawu, ndipo timaselo timeneti tikawonongeka ndi phokoso sitimeranso. Akatswiri amaika malire a kukula kwa phokoso pa madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo 3 okha, nthawi yoyenera kukhalamo imatsika ndi theka. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene waima pafupi nanu akumveni, malirewo mwina mwawadutsa kale. Pa chigayo aliyense amalankhula mokuwa tsiku lonse.

Ena amakana zotsekera m'makutu ponena kuti akavala kulirako kumakula. N'zoona, chifukwa phokoso lakunja lomwe limabisa kulirako limakhala lachepa, koma zimenezi zimatha mukangozivula, pomwe khutu likawonongeka silibwerera mwakale. Enanso amaopa kuti sadzamva lamba akayamba kuterereka kapena kasitomala akamaitana. Zotsekera zimangochepetsa phokoso, sizigonthetsa munthu, ndipo thonje lomwe ambiri amaika m'khutu silitchinga mokwanira. Mwini chigayo ndiye ayenera kugula zotsekerazi ndi kusinthanitsa antchito ake pa makina, popeza phindu likupita m'thumba mwake. Kwa amene kulirako kwamuyamba kale, wailesi yolankhula chapansipansi imathandiza kupeza tulo, ndipo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre amayeza makutu.