Kalata yochokera ku Ikelenge, kumene Zambezi amabadwira

Okondedwa Achimwene,

Ine kuno ndili bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa ndi ulendo. Ndasankha kulemba chifukwa zimene ndaona sizingathe pa foni, komanso kumudzi kumene ndikugona netiweki imagwira pokhapokha munthu akwere pachulu.

Ndiyambe ndi yankho la zimene munandituma: malo aja musagule. Ndikudziwa kuti mtima wanu unali kale pa munda wa zinanazi, makamaka mutaona kuti ndalama imene singakwane ngakhale kakona ka puloti ku Woodlands kapena ku Kabulonga mu Lusaka akuti kuno ingakupatseni dziko loyenda mpaka kutopa. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Ndinanyamuka kunyumba ku Kabwata, mu Lusaka, kusanache n'kukakwera basi pa Intercity. Tinadutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Kitwe ndi Chingola, n'kukagona ku Solwezi. M'mawa mwake tinapitirira migodi ya ku Lumwana ndi Kalumbila mpaka ku Mwinilunga, ndipo kuchoka apo kudza kuno ku Ikelenge ndinakhala pamwamba pa matumba kumbuyo kwa lole. Ulendo wonse ndi woposa makilomita 900. Chigawo chomaliza, cholowa kumudzi, ndinakwera njinga yamoto m'kanjira kamene udzu umakukwapula kumaso mbali zonse.

Dziko lino silifanana ndi kwathu ku Chipata. Mvula imayamba msanga n'kuchedwa kusiya, ndipo timitsinje sitiphwa ngakhale m'chilimwe. M'mbali mwa timitsinjeto mumamera nkhalango yowirira imene eni ake amaitcha mushitu. Ukachoka m'tchire la miombo n'kulowamo, dzuwa limazimiririka ngati walowa m'nyumba. Mitengo yake ndi yaitali zedi, zilambe zikulendewera, pansi pali chinyontho ndi fungo la masamba owola. Thukuta limene ndinali nalo linauma pompo, ndinayamba kumva kuzizira masana dzuwa lili paliwombo.

Mu mushitu wina wotere, pafupi kwambiri ndi malire a Congo, ndimo muli gwero la Zambezi, amene Alunda amati Yambezhi. Boma linaika timilatho tamatabwa toyendapo kuti alendo asaponde mizu. Ndinatsika mpaka pansi, ndipo munthu wondiperekeza anandilozera kadziwe kakang'ono pansi pa mizu ya mtengo. Madzi ake mukhoza kuwatunga ndi chikho. Ndinagwada, n'kuviika dzanja, n'kukhala chete nthawi ndithu. Timadzi timeneti ndito timalowa mu Angola, n'kubwerera ku Zambia, kugwa pa Mosi-oa-Tunya, kudzaza Kariba ndi Cahora Bassa, kudutsa pa Tete, kulandira Shire wochokera ku nyanja ya Malawi, mpaka kukathira m'nyanja ya mchere patatha makilomita oposa 2,500. Chapafupi pali chipilala chokumbukira ufulu wa 1964, poti dzina la dziko lathu linachokera ku mtsinjewu.

Ndili chogwada chomwecho ndinakumbukira 2024, mmene tinkakhalira mumdima ku Kabwata, mafiriji atasanduka makabati, alamu akuphika pa mbaula tsiku ndi tsiku chifukwa madzi anachepa ku Kariba. Sindinaganizepo kuti babu la m'nyumba mwanga lili pachibale ndi mitengo ya kuno. Chodabwitsa china, anthu a kufupi ndi phiri la Kalene ali ndi magetsi awoawo. Mu 2007 anatsegula kamalo kopangira magetsi kotchedwa Zengamina pa mathithi a Zambezi yemweyu akadali mwana, ndipo kamaunikira chipatala cha mishoni cha Kalene, chimene anayambitsa Dr Walter Fisher kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamodzi ndi masukulu ndi midzi yozungulira.

Tsopano za malo. Dobadoba uja amene munkalankhula naye pa foni ananditengera kutchire lalikulu, natambasula dzanja n'kunena kuti lonseli lilibe mwini. Kwa ine wa m'tauni linaonekadi lopanda mwini. Mwayi wake, bambo a nyumba imene ndikugona, munthu wachikulire amene anagwirako ntchito ku Kitwe ndipo Chinyanja amachimva, anati tipitenso mawa lake awiriwiri, dobadoba kulibe.

Tinayenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo ndi kankhwangwa paphewa. Pamene ine ndinkaona zitsamba, iwo anandionetsa mizere yakale ya chinangwa, nati ili ndi tsala la mlongo wawo, analisiya kuti nthaka ipume ndipo adzabwereranso. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumwamba. M'nthambi munali ming'oma ya njuchi ya makungwa, ina yakuda ndi ukalamba, ndipo uliwonse anautchula mwini wake. Uchi wa ku Mwinilunga umene timagula m'mashopu ku Lusaka umachokera m'ming'oma yotereyi, ndipo ndiwo umalipirira ana sukulu. Tinatsikira kukamtsinje, komwe tinapeza amayi atatu akuvuula chinangwa chimene anaviika masiku angapo kuti chichoke kuwawa, akuchimenya makungwa n'kuchiyanika pathandala. Nsima ya kuno ndi ya chinangwa, ija ena amati kondowole, yonanda, ndipo ndakhala ndikuidya ndi chigwada ndi bowa. Pomaliza anaima pa kamsitu kena, anavula chipewa, osanena kanthu. Ndinadziwa ndekha kuti ndi manda.

Zonsezi zili mkati mwa malo amene munafuna kutchinga ndi waya.

Malo a kuno ali m'manja mwa mafumu, monga a Ikelenge, a Nyakaseya ndi a Mwininyilamba, ndipo pansi pawo pali mafumu a midzi amene amadziwa tsala lililonse ndi mwini wake. Lamulo la malo la 1995 limalola kuti malo a mafumu asandutsidwe a pepala, munthu n'kupatsidwa taitolo ya zaka 99, mfumu ndi khonsolo zikavomereza, kenaka nkhani n'kupita kwa Kamishinala wa Malo ku Lusaka. Lamulo lomwelo limati anthu amene akhudzidwe afunsidwe. Koma pepala likangotuluka, malowo achoka m'manja mwa mudzi, ndipo mayi wa tsala uja akadzabwera ndi khasu adzatchedwa wolowerera. Inu ndi ine takulira m'nyumba za lendi, tikudziwa mmene mtima umapwetekera munthu akakuuza kuti pano si pako. Sindingafune kuti dzina la bambo athu lilembedwe pa chikwangwani chothamangitsa anthu pa manda a makolo awo.

Ngakhale tikanaiwala za anthu, malonda akewo si ophweka monga amaonekera tikaima pa msika wa Soweto n'kumafunsa mtengo wa chinanazi chimodzi. Zinanazi za kuno n'zotsekemera kuposa zonse zimene ndinalawapo, koma zimapsa nthawi imodzi. Ndaona milu m'mbali mwa msewu, njuchi zikuzungulira, eni ake atakhala pamthunzi kudikira lole imene mwina ibwera lero, mwina mkucha. Fakitale yakale ya zinanazi ku Mwinilunga inatsekedwa kalekale, ndipo ngakhale kwatsegulidwa ina m'zaka zapitazi, mlimi wa kutali ndi msewu amadalirabe njinga ndi msana wake. Chimene chikusowa kuno ndi galimoto yodalirika ndi wogula wosabera, minda ilipo kale ndipo alimi ake akuidziwa kuposa ife.

N'chifukwa chake maganizo anga ndi awa. Ndalama ija tiike pa lole yaing'ono, tipangane ndi alimi a mudzi uno, tizigula zinanazi ndi uchi pa mtengo woyenera n'kumakagulitsa ku Lusaka. Ngati m'tsogolo tidzafune kamalo komangapo mosungira katundu, tidzapite kwa mfumu masana, anthu onse ali pabwalo, tipemphe monga alendo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndikanadya phula lenileni ndikanamvera dobadoba uja.

Anthu a kuno andisunga bwino koposa. Chilunda sindichimva, koma ndaphunzira mawu amodzi, "mwani", amene amanena popereka moni ndi pothokoza, uku akuwomba m'manja mwaulemu. Dzulo mayi wa tsala uja anandipatsa nkhuku yamoyo atamva kuti ndabwera kuchokera kutali, osadziwa n'komwe chimene chinandibweretsa. Ndinachita manyazi kuilandira.

Ndinyamuka Lachisanu lole ikapezeka, ndipo ndikhala nditafika Lamlungu madzulo. Ndanyamula botolo la uchi la alamu ndi zinanazi zinayi za ana. Chonde, dobadoba uja akaimba foni musamutumizire ngakhale ngwee imodzi mpaka tionane.

Ndine mng'ono wanu.